Msinkhu Wobwereka wa Vitus

"Ataliatali kuno, afupiafupi uko! Tsamirani khoma nonse!"

Anali bwana Dawson, mzungu wa ku Amereka, akuwomba m'manja kuseri kwa ofesi ngati munthu woingitsa nkhuku pamphale. Amuna onse anatuluka m'zipinda zawo, ena mapensulo ali kukhutu, n'kuyamba kukankhana m'mbali mwa khoma. Bungwe lake linali lija la mayiko ambiri loona za zitsime ndi madzi, ndipo pakati pa Akenya, Aganda ndi azungu panali Amalawi atatu: a Reuben, akuluakulu aatali a imvi za m'mbali, Griffin wosunga zipangizo, ndi Vitus, wojambula mapu, amene anali atangofika kumene mu Nairobi chaka chomwecho cha 1978.

Vitus atamva zofola pakhoma, mumtima anangoti, basi, chithunzi ichi. Anali ataona cha chaka chatha chitapachikidwa polowera alendo: ataliatali ataima kumbuyo ngati eni bungwe, afupiafupi atanjuta kutsogolo ngati ana a Sande sukulu. Iye akanjute? Pachithunzi choti akatumize kwa amayi ake ku Dedza? Anathamangira kubafa, n'kusolola chipeso chake cha mano achitsulo, n'kulitukula tsitsi lija mpaka linaima njo ngati chulu.

Apa ndiyambe ndakuuzani za msinkhu wa Vitus, musadzati ndinakubisirani. Tsiku lomuumba mwana ameneyu dothi linali litatsala pang'ono, ndiye anangoti tiyeni timalize ndi lomweli. Tsono kwathu masiku amenewo mwamuna ukasunga tsitsi lambiri, kapena kuvala buluku lotambalala m'miyendo, ankakuthandiza ndi sizasi osakufunsa n'dzina lomwe. Anyamata athu akangotsika ndege ku Nairobi ankakhala ngati mbuzi zodula chingwe. Vitus naye mwezi woyamba womwewo anakagula nsapato zija ankati mapulatifomu, za pansi pake ngati njerwa ziwiri zosanjikiza, ndi buluku la belu lophimba nsapatozo mpaka kusesa fumbi. Pansi njerwa, pamwamba chulu, pakati pokhapo ndiye panali ka Vitus.

Pobwerera kukhoma anadutsa Griffin, amene anali atakaima kumapeto kwenikweni kwa afupiafupi, mawondo atapinda pang'ono, khosi atalilowetsa m'mapewa ngati kamba.

"Aise, bwera kuno," Griffin ananong'ona, akumukoka malaya. "Bwera kuno, ndikukuuza!"

"Khala konko ndi ana anzako," anatero Vitus, n'kupitirira go, go, go, mpaka anakadzipanikiza pakati pa Mganda wina wamtali ndi mzungu woyendetsa makina obowolera zitsime. Anatulutsa chifuwa. Ananyanyamphiranso pang'ono, ngati kuti njerwa zija sizinakwane.

Bwana anayenda ndi thabwa loyezera, akuliika pamutu pa aliyense. Pa Vitus thabwalo linangotera patsitsi ngati kambalame, bwana osalikanikiza.

"Iwe umathamanga?"

"Kwambiri, bwana. Kusukulu palibe ankandiona kumaso, onse ankangoona msana."

Pokhapo sananame.

"Ndamupeza!" bwana anafuula, akumumenya paphewa. "Anyamata, munthu wa Mlongoti ndi uyu!"

Anthu anawomba m'manja, koma kuwomba kwake kunali kuja kwa pamaliro, kwapansipansi. Mkenya wina anamugwira mkono n'kumupepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, ndugu." Vitus anayang'ana uku ndi uku kufuna wojambula zithunzi. Kunalibe.

Bwana anakhala pamgolo n'kuyamba kufotokoza. Chaka chilichonse mu Novembala, pokumbukira tchuthi china cha kwawo, ankatenga antchito ake kukasewera mpira wa ku Amereka ndi anyamata a kampani ina yomanga misewu, imene inali ndi msasa ku Kitengela. Mpira wake musaganize uwu timaudziwawu. Umenewo ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya losakhwima, ndipo amaponyerana ndi manja. Wina amaponya, ena amathamanga kukawakha. Owakhawo akuti ndi marisiva. Ndiye mbali inayo imaika anthu oti aziwakakamira owakhawo ngati nkhupakupa, kuti mpira usafike m'manja mwawo, kapena akauwakha asapite nawo patali. Amenewo akuti makonabaki. Mayina ake ngati a mankhwala a chifuwa. Mlongoti anali risiva wa kampani ija, ndipo dzina lake lenileni palibe ankalitchula.

"Risiva amafunika wamtali," anatero bwana, "woti mpira autole m'mwamba momwe ena safika. Uyu ndi uyu ndiwo athu." Analoza Mganda uja ndi mzungu uja. "Koma konabaki ndiye amandisowetsa tulo. Wamfupi ndi wabwino, amatembenuka msanga, sachedwa kuima n'kubwerera. Chaka chatha ndinaika wamfupi pa Mlongoti. Mpira ukabwera m'mwamba ankangoyang'ana ngati akuonera ndege. Chaka chino ndikufuna wamtali koma waliwiro, woti akalumpha afike m'manja mwake. Vitus, ulipo?"

Kukana bwana pamaso pa anthu? Mwana woleredwa bwino, wophunzitsidwa kulandira chilichonse ndi manja awiri, ngakhale khala lamoto?

"Eya, bwana."

Madzulo ake, m'minibasi ija amati matatu, yopita ku Umoja komwe ankakhala, atapanikizana moti wina akayetsemula onse ankagwedezeka, Griffin anamasula batani la pakhosi. Anagwira chala cha Vitus n'kuchiika pafupa la m'munsi mwa khosi lake. Panali chotupa cholimba ngati mfundo ya nzimbe.

"Wachimva? Wamfupi wa chaka chatha uja ndine."

Vitus anachotsa chala msangamsanga. "Koma anthu akuti n'kungokhudzana basi."

"Amayamba ndi kungokhudzana. Dzuwa likawatentha m'mutu amaiwala. Kwawoko akuti amavala zipewa zolimba ndi mapilo m'mapewa. Kuno zimenezo kulibe, pilo wako ndi nthiti zako. Mpaka lero mkono uwu sufika pamwamba pa kabati. Sutikesi amanditsitsira ndi akazi anga."

"Ndi wamtali bwanji munthuyo?"

"Ukamupatsa moni lero amayankha mawa."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndinakukoka malaya, iwe unati ndikhale ndi ana anzanga. Mutu ukakula sulewa nkhonya, aise. Wakowo unaukulitsa wekha ndi chipeso."

"Songa, songa!" anakuwa mnyamata wa pakhomo la matatu, kutanthauza kuti senderani, akukankhiramo amayi ena ndi thumba la mbatata. Vitus atatsika sanapite n'kugolosale komwe, anangothamangira kuchimbudzi kuseri kwa nyumba.

M'mawa mwake bwana ananyamuka ulendo wokayendera zitsime kumidzi, ndipo anati adzabwera kutatsala tsiku kuti akasewere. Vitus anatsala ndi mantha ake. Anaganiza kuti mwina angathe kusewera atavala njerwa zake zomwezo, choncho analawirira kubwalo la ku Umoja kukayesa. Anathamanga bwinobwino mpaka pamene anafuna kukhota. Phazi linapita kum'mawa, nsapato kumadzulo, mwini wake n'kukadya fumbi. Amayi ogulitsa ndiwo zamasamba m'mbali mwa msewu anaseka mpaka wina anakhala pansi. Apo anadziwa kuti ku Kitengela adzapita ndi msinkhu wake wobadwa nawo.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, pakati pa sabata lole ya kampani ija inabwera kuofesi kudzabweza pampu. Griffin anagogoda pawindo la chipinda cha mapu.

"Bwera udzaone mlamu wako."

Vitus anasuzumira. Chitseko cha lole chinatseguka, n'kutuluka mwendo. Mwendowo unatuluka, unatuluka, unatulukabe, kenako unaponda pansi osagwiritsa ntchito chopondera. Mwini wake atatuluka yense anawongoka pang'onopang'ono ngati makwerero a ozimitsa moto. Anali mzungu wofiira ndi dzuwa, khosi ngati la ng'ombe yapagoli. Pampu imene ankainyamula anthu awiri anaikolekera m'khwapa ngati nkhuku, ndipo polowa m'nyumba ya zipangizo anawerama, koma mutu unagundabe pamwamba pa khomo. Khomo ndi limene linadandaula.

Tsiku limenelo Vitus anajambula mtsinje wokwera phiri.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anapita ku Madaraka kwa a Reuben, komwe Amalawi ankadyera nkhomaliro. A Reuben ndiwo anakamuchingamira Vitus kubwalo la ndege, ndipo anamugoneka pabalaza pawo mpaka atapeza chipinda ku Umoja. Akazi awo, amayi Miriam, anali namwino asanakwatiwe, ndipo nyumba yawo ankaipolisha moti ntchentche ikatera inkaterereka. Pakhomo pawo aliyense ankavula nsapato. Choncho mu Nairobi yense, amayi amenewa ndiwo ankamudziwa Vitus bwino.

"Lowa, lowa," anatero atamuona akutsika pansapato zake. "Wamtali uja musiye panja, ife tidya ndi wamfupiyu."

Vitus sanaseke. Mpunga anangouzunguliza ndi supuni. Amayi Miriam atamva nkhani yonse anaika chikho pansi.

"Mwana iwe, ukufuna amayi ako akakulandire m'bokosi chifukwa cha papaya? Bwana akangofika pita muofesi mwake, uvule zinthu zakozo, uime pakhoma ndi masokosi, unene kuti bwana ndiyezeninso. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Sizichitika choncho, amake Jean," anatero a Reuben, akumeza piritsi lawo la kuthamanga kwa magazi. "Munthu wavomera kale pamaso pa anthu. Bwana wakuyamikira, wakumenya paphewa, ndiye iwe ukabwerere kukamuuza kuti munayeza udzu? N'kumuchititsa manyazi kumeneko. Ife kuno ndife alendo. Amatidziwa kuti Amalawi ndi anthu aulemu, osavuta."

"Ulemu umalumikiza mafupa?"

"Iyayi, koma…"

"Griffin anapita ndi ulemu wake chaka chatha. Ndinamumanga ndine phewa lija. Inu bambo a Jean, ulemu wanuwo tsiku lina mzungu adzakuuzani kuti lowani m'chitsime mukaone ngati muli madzi, inu mudzayamba mwavula wotchi."

A Reuben anangotsokomola n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Vitus anabwerera ku Umoja atatsimikiza mtima kuti amvera amayi Miriam. Mawu oti akanene anawakonza, n'kumawayeseza pagalasi. Lachisanu bwana atafika, anakaima pakhomo la ofesi, n'kugogoda ngati mwana wa khoswe.

"Vitus!" Bwana anadzuka n'kumukumbatira. "Kulikonse komwe ndapita ndakhala ndikukamba za iwe. Ndawaimbira foni a ku Kitengela kuti chaka chino Mlongoti wapeza mnzake. Taona ndakubweretsera chiyani." Anatulutsa malaya ofiira okhala ndi nambala kumsana, aakulu ngati tenti ya msonkhano wachitsitsimutso. "Umafuna kundiuza kanthu?"

Vitus anayang'ana malaya, anayang'ana nkhope yosangalala ija. Mawu onse a pagalasi anathawira m'mimba.

"Ndimangofuna kunena kuti mwabwerako bwanji, bwana."

"Bwino kwambiri! Mawa usachedwe."

"Eya, bwana." Ndipo malayawo anawalandira ndi manja awiri.

Ku Kitengela masiku amenewo kunali chidikha chokhachokha, udzu wouma, minga ndi mphepo. Bwalo analilemba ndi laimu kuseri kwa msasa, panthaka yolimba ngati simenti. Kunabwera anthu ambiri ndithu, akazi ndi ana atakhala pamabenchi ndi pamatayala akale. Chapatali nyamalikiti ziwiri zinkadya nsonga za mitengo.

"Abale ake a Mlongoti abwera kudzachemerera," anatero Griffin, amene anali atakhala pabwino ndi botolo la zoziziritsa kukhosi.

Vitus anakavulira kuseri kwa lole. Anavala kabudula ndi nsapato zansalu zaphwatalala zimene anabwereka. Tsitsi lija mphepo ya m'galimoto ndi thukuta la mantha zinali zitaligoneka kale. Malaya ofiira anamufika m'mawondo. Atatuluka, dziko lonse linali litakwera. Anzake a kuntchito amene ankawayang'ana m'maso tsopano ankawaona m'mphuno.

"Vitus ali kuti?" bwana ankafunsa, akuponya maso pamwamba pa mitu ya anthu. "Wamuona ndani Vitus?"

"Ndili pano, bwana."

Bwana anatsitsa maso. Anawatsitsanso.

"Winayo wamusiya kuti?"

Kuseka kunaphulika. Mganda uja anagwira m'mimba, Akenya anamenyana m'manja, ngakhale a mbali inayo anabwera kudzaona. Vitus anangoti zyoli, makutu akutentha. Bwana anafiira mpaka m'khosi.

"Ndiwe wamfupi kuposa Griffin! Ayi, sizingatheke. Chaka chino sindikufuna kuonera ndege. Kakhale pansi."

Inu, kukoma kwa mawu amenewo! Manyazi anali pomwepo, koma Vitus sanadikire kuuzidwa kachiwiri. Anakakhala patayala pafupi ndi amayi Miriam, akupuma ngati munthu woti ng'ona yamulavula. Aseke, aseke mpaka mawa, nthiti zake zinali zonse.

Koma bwana anali akuyang'anayang'anabe. Marisiva ake awiri sakanawachotsa. Ataliatali ena a kuofesi, odziwa za chaka chatha, tsiku limenelo anali atagwidwa ndi malungo kapena maliro a azakhali. Maso a bwana anayenda, anayenda, n'kukaima pa munthu amene anali atanyamula jekete la bwanayo pamkono.

"Reuben! Iwe ndiye wamtali kuposa tonse. Sukufunika kuthamanga kwambiri ayi. Uzingoima patsogolo pake n'kukweza manja."

A Reuben anapinda jekete lija bwinobwino n'kuliika pabenchi.

"Eya, bwana."

Anayamba kumasula mabatani a malaya awo. Atapinda buluku, panaoneka timiyendo towonda ngati mapesi, tamitsempha yotupa. Munthu woti akakwera masitepe a ku Madaraka ankaima pakati kuti apume. Kutsidya kwa bwalo Mlongoti ankadumphadumpha kutenthetsa thupi, ndipo nthaka inkamveka di, di, di, mpaka m'tayala lomwe Vitus anakhalira.

Amayi Miriam akanatani, akakalipire bwana wa amuna awo pagulu? Anangogwira mpango wawo n'kumaupotokola. Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana Vitus. Sanamunyoze, sanamupemphe. Anangomuyang'ana basi.

Vitus anayang'ana kumbali. Anayang'ana nyamalikiti zija. Anayang'ana nsapato zake zobwereka. Anadziuza kuti si iye anawatuma a Reuben kuvomera, kuti munthu wamkulu amadziwa yekha chochita. Koma akanapanda kunyanyamphira pakhoma paja, bwezi bwana atasankha wina kalekale, ndipo akuluakuluwo bwezi akusungabe jekete.

Sanadziwe kuti anaimirira liti.

"Bwana," mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa mbuzi. "Munanena nokha kuti wamfupi amatembenuka msanga. Ndiyeseni ine. Bambowa akhale."

Bwana anamuyang'ana, anayang'ana miyendo ya a Reuben ija, n'kupukusa mutu. "Chabwino. Khala pafupi naye ngati lamba. Akakupitirira, tatha."

Anakaimika Vitus kumphepete kwa bwalo, maso ndi maso ndi Mlongoti. Ndikati maso ndi maso ndikungolemekeza, chifukwa maso a Vitus anali pamchombo. Chimunthucho chinamwetulira n'kupereka dzanja, ndipo dzanja la Vitus linalowamo mpaka m'kasukusuku. Chinanena mawu ena achizungu kumwambako, koma Vitus sanamve, m'makutu munali kulira nyenje.

Wina anakuwa, anthu onse anabalalika. Mlongoti ananyamuka, Vitus naye ananyamuka. Mantha ali ndi miyendo, abale. Chimunthu chikaponda kamodzi iye ankaponda katatu, koma sanatsale. Kenako mthunzi unadutsa pamwamba. Mlongoti anatambasula manja n'kuthyola mpira uja ngati mango. Vitus analumpha ndi mphamvu zake zonse n'kukafika m'khwapa. A kampani anakuwa mokondwa.

"Ndege!" anafuula Griffin. "Wayiona ndege, aise?"

Ulendo wotsatira Mlongoti anathamanga pang'ono n'kufuna kuima kuti abwerere. Koma thupi lalitali limakhota ngati lole yokoka ngolo, mutu wafika miyendo ikadali m'njira. Pomwe ankamaliza kutembenuka, Vitus anali atatembenuka kale, ataima patsogolo pake osadziwa n'chomwe waimira. Mpira unabwera chapansi n'kumumenya pamphumi, phwa! n'kugwera uko. Anthu a bungwe analumpha. Bwana anaponya chipewa m'mwamba. Zinachitikanso kachiwiri, ulendo uno mpira unamupeza pakhutu.

Vitus sanakondwe nawo. Anaona kuti Mlongoti wasiya kumwetulira. Dzuwa linali litafika pamutu, ndipo pakati pa bwalo anthu anali atayamba kale kugwetsana, wina akutuluka magazi m'mphuno. Zokhudzana zija zinali zitatha.

Anafolanso. Mlongoti anapukuta manja pakabudula, osamuyang'ana. Wokuwa uja atakuwanso, chimunthucho sichinathamange n'komwe. Chinangobwerera m'mbuyo pang'ono, mpira n'kuchipeza pomwepo chisanapite kulikonse. Chinaukumbatira pachifuwa, chinaweramitsa mutu, n'kulunjika pa Vitus.

Kumbuyo kwake kunalibe wina aliyense. Kumanja kunali malo, kumanzere kunali malo, Kitengela yense anali malo okhaokha oti munthu n'kupatuka. Musadzamve wina akukunamizani kuti mnyamatayo analimba mtima. Anafuna kuthawa, koma miyendo inakana, inangomera mizu. Anaona mawondo awiri akubwera, aakulu ngati maungu. Ananjuta, anagwira mutu ndi manja onse, n'kukuwa kuti, "Mayo ine amayi!"

Bondo linamupeza m'nthiti. Panamveka thyo, ngati phesi louma. Mlongoti anadutsa pamwamba pake, miyendo m'mwamba, n'kukagwa chafufumimba, fumbi koboo, mpira n'kudumphira kuminga.

Vitus anagona chammbali, kukamwa kuli pululu, mpweya osalowa. Ankamva anthu akukuwa kutali ngati ali m'chitsime. Anaganiza kuti kufa kuja n'kumeneku, ndipo chinamuwawa n'chakuti akamuika atavala tenti. Kenako kampweya kanalowa pang'ono, kobaya ngati singano, kenanso kena.

Amene anamunyamula anali Mlongoti yemweyo, chigongono chikuchucha magazi, nkhope itasanduka ya mwana woswa mbale. Anamutenga m'manja ngati khanda lopita ku ubatizo, akungoti, "Pole, pole, pole," mawu okhawo a Chiswahili amene ankawadziwa, mpaka anakamugoneka pampando wakumbuyo wa galimoto ya a Reuben. Amayi Miriam analowa, anaika mutu wake pamiyendo pawo, n'kuyamba kumusisita m'mbali ndi zala.

"Apa?"

"Mayo!"

"Apa?"

"Amayi, mundipha!"

"Lavula tione." Anayang'ana m'kansalu. "Magazi mulibe. Nthiti ndiye zapita, koma ufika kuchipatala. Usaseke, usatsokomole, usayetsemule. Bambo a Jean, mwaima ngati mtengo bwanji? Lizani galimoto!"

A Reuben anali akuvutikabe ndi mabatani awo, maso ali jenkha ndi misozi. Analowa n'kuliza injini. Asananyamuke, mutu wa bwana Dawson unalowa pawindo, thukuta lili chuchuchu, mano onse ali panja.

"Vitus! Palibe anamugwetsapo munthu ameneyu, ndiwe woyamba! Ndinkalakwitsa ine. Sindikufunanso wamtali, ndikufuna wamfupi wolowa kunsi ngati iwe. Upole msanga. Chaka chamawa malo ndi ako, wamva?"

Vitus anayang'ana kudenga la galimoto. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, wongokwanira mawu awiri, chifukwa wochuluka sakanautha.

"Ayi, bwana."

Bwana anaphethira. Anadikira kuti mwina kubwera mawu ena ofewetsa, koma sanabwere. Anatulutsa mutu wake pawindo, n'kukanda m'khosi, n'kubwerera kubwalo.

Galimoto inayenda pang'onopang'ono pamsewu wafumbi, a Reuben akuzemba dzenje lililonse ngati anyamula mazira. Anafika pa tala wa msewu wa Namanga. Malole ankawaimbira mahutala kumbuyo, iwo osawonjezera moto. Kenako a Reuben anasuzumira pakagalasi.

"Vitus, mwana wanga. Paja wawayankha chiyani bwana?"

"Ndati ayi."

"Basi? Ayi yekha?"

"Eya."

A Reuben anayendetsa kamtunda ndithu, milomo ikugwedera ngati munthu woyeseza nyimbo yatsopano ya kwaya.

"Ndiye sananene kanthu?"

"Yang'anani kutsogolo, bambo a Jean," anatero amayi Miriam. "Mukaphunzira mawa. Lero tifikitseni kuchipatala."